Mulungu Anayamba ndi Kufunsa: Tiphunzitse Ana Athu Kusunga Khomo la Mtima

Mawu athu: Genesis 4:1-12, Luka 2:41-52, Aefeso 4:25-32



Mwana akabadwa, ife amayi timadziwa kuyeza kakulidwe kake. Mwezi ndi mwezi timamubereka kupita naye kusikelo. Alangizi a zaumoyo amamupachika pa sikelo, n'kulemba kadontho m'kabuku kake. Mzere ukamakwera timakondwa. Ukaima kapena kutsika timadziwa kuti pali vuto, ngakhale mwanayo asanayambe kudwala. Akakwanitsa zaka 5 sikelo yatha. Pa zaka 6 ayamba Sitandade 1, ndipo muyeso wina umayamba, wa malikisi. Teremu ikatha, funso la pakhomo limakhala limodzi: "Wakhala nambala chani?"

Koma mwana ali ndi mbali ina imene ilibe sikelo, ilibe kabuku, ilibe lipoti. Mbaliyi ndi mtima wake: mmene amachitira akakwiya, akachita mantha, akachititsidwa manyazi, akamanidwa chinthu, akasekedwa ndi anzake. Luka, amene Paulo amamutchula kuti anali sing'anga, pofotokoza za Yesu ali ndi zaka 12 anatchula kukula kwa mbali zinayi: nzeru, msinkhu, ubale wake ndi Mulungu, ndiponso ubale wake ndi anthu. Sukulu imasamala nzeru. Chipatala chimasamala msinkhu. Sande Sukulu ndi kalasi ya ofuna kusanjikidwa manja zimasamala ubale ndi Mulungu. Nanga mbali yachinayi, yokhala bwino ndi anthu, tasiyira yani?

Mkwiyo woyamba wa m'Baibulo

Tiyeni titsegule Genesis mutu 4. Nkhaniyi timaidziwa kuyambira tili ana, koma kawirikawiri timathamangira kumapeto kwake, kumene kuli magazi. Lero tiime pakati, pa ndime 5 mpaka 8.

Ana awiri a mimba imodzi anabweretsa nsembe. Ya Abele inalandiridwa, ya Kaini ayi. Kaini anapsa mtima kwambiri, ndipo zinaonekera pankhope pake. Uwu ndiwo mkwiyo woyamba kulembedwa m'Baibulo, ndipo unachokera pa chinthu chimene mwana aliyense wa sukulu amachidziwa: mnzake wayamikiridwa, iye ayi. Mnzake wawomberedwa m'manja, iye wabwezeredwa kope lodzaza ndi inki yofiira.

Taonani chimene Mulungu anachita. Choyamba, anaona nkhope ya Kaini. Kaini anali asanalankhule kanthu, asanatole mwala, koma Mulungu anazindikira kuti mnyamatayu sali bwino. Chachiwiri, anamufunsa chimene chamukwiyitsa. Mulungu wodziwa zonse sankafuna kuuzidwa nkhani. Ankafuna kuti Kaini mwiniyo atulutse ndi pakamwa pake chimene chinali kumudya m'kati. Chachitatu, anamupatsa chiyembekezo, kuti akachita bwino adzalandiridwa ndithu. Chachinayi, anamuchenjeza. Anafanizira tchimo ndi chilombo chimene chabisala pakhomo kudikira mpata, ndipo anamuuza kuti ali nazo mphamvu zochigonjetsa.

Amayi anzanga, mfundo yaikulu ili pamenepa. Pa nthawi imene Mulungu ankalankhula, Kaini anali atakwiya kale, koma tchimo linali likadali kunja. Ndiye kuti pakati pa chimene munthu akumva mumtima ndi chimene achite ndi manja ake pali khomo. Paulo akunenanso chimodzimodzi pa Aefeso 4:26, kuti n'zotheka munthu kukwiya koma osachimwa, bola asausunge mkwiyowo mpaka usiku.

Tsopano werengani bwino ndime 7 ndi 8. Mulungu wafunsa, walangiza, koma yankho la Kaini palibe. Sananene kuti, "Ndachita nsanje." Sananene kuti, "Ndawawidwa mtima." Anangokhala chete, ndipo chimene chinatsatira ndi imfa ya mbale wake kumunda. Zimene pakamwa panakana kunena, dzanja linanena. Mpaka lero, m'nyumba zathu ndi m'masukulu athu, mwana amene sadziwa kutchula chimene chikumuwawa amachitulutsa ndi chibakera, ndi mwano, ndi kuthawa sukulu, ndi mowa wa m'timabotolo, ndipo ena amafika podzipweteka okha.

Zimene zimachitika m'thupi la mwana

Ndiloleni ndilankhule pang'ono monga munthu amene anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri. Mkwiyo ndi mantha zimagwira thupi lonse. Munthu akaopsezedwa, tiziwalo tiwiri timene tili pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umagunda msanga, mpweya umathamanga, magazi amapita m'minyewa ya manja ndi miyendo, m'kamwa mumauma, m'mimba mumapotokola. Mulungu analenga thupi motere kuti munthu akakumana ndi njoka kapena galu wolusa athe kuthawa kapena kudziteteza. Vuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa galu wolusa ndi mnzako amene wakuseka pagulu. Zonse limaziyankha mofanana.

Chachiwiri, mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa mphumi, imene imathandiza munthu kuima kaye ndi kulingalira zotsatira, ndiyo imachedwa kukhwima kuposa zonse. Imamaliza kukula munthu ali ndi zaka pafupifupi 25. Choncho mwana wa zaka 9 kapena mtsikana wa Fomu 2 ali ngati njinga ya kabaza imene ikutsetsereka mabuleki ake asanamangidwe bwino. Mphamvu zilipo, liwiro lilipo, choimitsira ndiye chikadali chofooka. Mabuleki amenewa amalimba pogwiritsidwa ntchito, pang'ono ndi pang'ono, mwana ali pafupi ndi munthu wamkulu wodekha.

Kuchipatala tinkalandira ana amene ankadandaula m'mimba kapena mutu Lolemba lililonse m'mawa, koma Loweruka akusewera mpira bwinobwino. Tiyeza malungo, palibe. Tiyeza chimbudzi, palibe njoka. Ukamutengera pambali n'kumufunsa mofatsa, pamenepo nkhani imatuluka: pali anyamata akuluakulu amene amamulanda ndalama ya mandasi panjira, kapena anzake amamuseka chifukwa cha chibwibwi, kapena usiku sagona chifukwa bambo amamenya amayi. Mwana wotere sakunama. M'mimbamo mukupwetekadi. Chimodzimodzi mwana amene anasiya kale kukodza pogona n'kuyambiranso, nthawi zambiri pali chimene chamusokoneza. Inde, mwana akadandaula thupi, yambani mwapita naye kuchipatala. Koma akakuuzani kuti sanapeze matenda, musafulumire kumutcha waulesi. Chitani zimene Mulungu anachita kwa Kaini: yang'anani nkhope, funsani.

Aphunzitsi okha sangathe

Ena anena kuti, "Zimenezi si amaphunzira kusukulu?" Zoona, phunziro la Life Skills lilipo m'masukulu athu, ndipo tiyamike boma ndi aphunzitsi chifukwa cha ilo. Koma tikumbuke mmene zinthu zilili. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezeka m'chaka chimodzi chokha, ndipo kuyambira pamenepo makalasi athu akhala odzaza. M'masukulu ambiri mphunzitsi wa Sitandade 1 kapena 2 amaima pamaso pa ana oposa 100. Angaone bwanji nkhope imodzi imene yagwa pakati pa khamu lotere?

Komanso kudziletsa kuli ngati kuphika nsima. Mtsikana akhoza kuloweza zonse, kuti madzi afunde, phala lithakate, ufa uthiridwe pang'onopang'ono, koma ngati sanagwirepo mthiko adzaphika ya mibulu. Mwana akhoza kukhoza funso la mayeso lonena za njira zothetsera mikangano, n'kutuluka panja kukamenya mnzake. Maluso awa amaphunziridwa pa mkangano weniweni, wolimbirana chipande, wolimbirana foni, wolimbirana malo pamphasa. Mikangano yotere imachitikira pakhomo pathu, pamaso pathu.

Ana a masiku ano anyamulanso zambiri. Mu 2020 sukulu zinatsekedwa kuyambira mwezi wa Marichi kwa miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19, ndipo atsikana ambiri sanabwererenso chifukwa cha mimba ndi maukwati. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi anthu ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi madera ena. Sukulu zambiri zinasanduka misasa. Ana amene anaona matope akutenga abale awo ali m'makalasi athu lero, ndipo ena mitambo ikangoda amayamba kunjenjemera. Onjezani ana amasiye oleredwa ndi agogo, ana amene makolo awo ali ku Joni, ndi ana amene chipongwe cha kusukulu chimawatsata mpaka kuchipinda kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Ntchitoyi ndi yathu, amayi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Zinthu zisanu zoti tiphunzitse

Choyamba, kutchula chimene akumva. Chichewa chathu n'cholemera: kukwiya, kukhumudwa, kuipidwa, kuchita nsanje, kuchita manyazi, kuda nkhawa, kutaya mtima, kusungulumwa, kupukwa. Koma mawu amene ana ambiri amamva kwa ife ndi awiri: "Khala chete." Mwana akabwera atakwinya nkhope, yesani kunena kuti, "Mwanawe, ndikuona ngati wakhumudwa. Chachitika n'chiyani?" Akalephera, muthandizeni: "Kapena wachita manyazi chifukwa aphunzitsi anakukalipira pagulu?" Namwino sangapereke mankhwala ngati wodwala sananene pamene pakupweteka. Mwana amene wapatsidwa mawu wapatsidwa njira ina yosiyana ndi ya Kaini.

Apa ndipemphe makamaka za ana aamuna. Tawalera ndi mawu akuti mwamuna salira. Mnyamata akagwa timamuuza kuti alimbe, akaferedwa timamuuza kuti alimbe, mpaka chimene chimamutsalira n'chimodzi chokha, mkwiyo. Malipoti a apolisi m'zaka zapitazi akhala akusonyeza kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri ndi amuna. Yosefe, nduna yaikulu ya dziko la Ejipito, analira ataona abale ake. Davide, msilikali wolimba mtima, analira maliro a Yonatani ndi a mwana wake Abisalomu. Ambuye Yesu analira pamanda a Lazaro anthu akuona. Ngati awa sanachepe umuna chifukwa cha misozi, mwana wanu wa Sitandade 5 sadzachepanso.

Chachiwiri, kudekha asanachite kanthu. Munthu amene mtima ukumugunda mothamanga samva malangizo. Kumbukirani Eliya pa 1 Mafumu 19. Atathawa Yezebeli anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu, wotopa, wamantha, mpaka kupempha imfa. Mngelo sanayambe ndi ulaliki. Anamupatsa mkate ndi madzi, namuleka kuti agone, nabweranso kudzamudyetsa kachiwiri. Mafunso anabwera pambuyo pake, atafika ku phiri la Horebu. Mwana amene wachoka kusukulu pa 2 koloko wosadya kanthu chiyambire m'mawa, muyambe mwamupatsa chakudya. Milandu ibwere m'mimba muli kanthu.

Muphunzitseni njira zosavuta zimene angachite yekha kusukulu: kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno n'kuutulutsa motalika ndi pakamwa kasanu, kuika manja kumbuyo, kuchoka pamalopo kukamwa madzi, kutchula dzina la Yesu chamumtima. Kupuma motere kumachepetsadi kugunda kwa mtima, ndipo n'chifukwa chake azamba amakuuzani zomwezo pa nthawi ya kubereka. Muziyeserera naye pa nthawi ya mtendere, monga mukusenda chimanga kapena mukupita kuchigayo. Chimene sanachiyesere ali wokondwa sadzachikumbuka ali wokwiya.

Chachitatu, kuona mnzake. Mulungu atafunsa Kaini kumene kunali Abele, iye anakana kuti si udindo wake kusunga mbale wake. Kukana kumeneku kumayamba pang'ono, pamene gulu la ana likuseka mnzawo wa yunifolomu yong'ambika, mwana wachialubino, mwana wa khunyu, mtsikana amene wadetsa diresi chifukwa cha msambo. Musamangofunsa mwana wanu ngati wina wamuvutitsa. Mufunseninso kuti, "M'kalasi mwanu ndani amene amadya yekha? Ndani amene amasekedwa? Iwe umatani akamamuseka?" Nthano za madzulo zinkagwira ntchito imeneyi kale. Pofotokoza nthano kapena nkhani ya m'Baibulo, imani n'kufunsa: "Ukuganiza kuti Yosefe ankamva bwanji m'dzenje muja? Nanga abale ake ankamva bwanji poona malaya okongola aja tsiku ndi tsiku?" Ndipo ife makolo tisaiwale kuti chidani cha m'nyumba ya Yakobo chinayamba ndi tsankho la bambo. Mawu akuti, "Bwanji sukhala ngati mkulu wako?" abzala udani pakati pa abale ambiri.

Chachinayi, kupepesa ndi kukonza chimene chaonongeka. Ife a Anglican tili ndi mwayi, chifukwa Lamulungu lililonse timachita zimenezi pamaso pa ana athu. Timagwada kuulula machimo, wansembe amalengeza chikhululukiro, kenaka timapatsana moni wa mtendere tisanafike pa guwa. Fotokozerani ana chifukwa chake dongosolo lili chonchi: palibe kudya pa gome limodzi tisanayanjane. Ndipo muwaphunzitse kupepesa kwenikweni, kumene kuli ndi mbali zitatu: kutchula chimene walakwa, kutchula mmene chapwetekera mnzake, ndi kubweza kapena kukonza. "Pepa" wonenedwa nkhope ili kumbali chifukwa amayi agwira chikoti saphunzitsa kanthu. Wang'amba kope la mnzake, akopere notsi zonse. Wanyoza pagulu, apepesenso pagulu. Zakeyu atakumana ndi Yesu sanathere pa mawu okha, analonjeza kubweza zimene analanda.

Chachisanu, kukana ndi kuulula. Timaphunzitsa ana kumvera akuluakulu, ndipo n'zoyenera. Koma mwana amene amadziwa kuvomera kokha ali pangozi. Pa 2 Samueli 13 pali nkhani imene kawirikawiri timailumpha. Tamara, mwana wa Mfumu Davide, anagwiriridwa ndi Amnoni, m'bale wake wa bambo mmodzi, m'nyumba ya pachibale. Atatuluka akulira, mlongo wake Abisalomu anamuuza kuti akhale chete popeza wochita zimenezi ndi wa m'banja. Davide anamva, anakwiya, koma sanachitepo kanthu. Tamara anakhala wosweka mtima, ndipo patapita zaka ziwiri Abisalomu anapha Amnoni. Chinsinsi chimene ankati chisunga ulemu wa banja chinagwetsa banja lonse.

Uzani ana anu, aakazi ndi aamuna omwe, kuti palibe munthu, kaya ndi malume, mphunzitsi, bambo owapeza kapena mtsogoleri wa kutchalitchi, amene ali ndi ufulu wowagwira malo obisika kapena kuwauza kuti asunge chinsinsi chotere. Mwana aliyense akhale ndi akuluakulu atatu amene angawauze chilichonse, ndipo awatchule mayina inu mukumva. Mwana akaulula, mukhulupirireni, musamukalipire, ndipo musakambirane za mbuzi kapena ndalama kuseri kwa nyumba. Pitani naye kuchipatala msanga, pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi. Kenaka kanenani ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kapena imbani nambala yaulere ya ana ya 116. Kuyambira mu 2017 malamulo oyendetsera dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Nanga chikoti?

Ndikudziwa kuti ena mwa ife mumtima mukuti, "Zonsezi n'zachizungu. Ife tinakula ndi chikoti, ndipo buku la Miyambo limatchula ndodo." Inde limatchula, ndipo palibe amene akunena kuti mwana azingosiyidwa. Eli analangidwa chifukwa chosadzudzula ana ake mokwanira. Kaini nayenso atachimwa analandira chilango. Koma Baibulo lomwelo, pa Aefeso 6:4 ndi Akolose 3:21, limachenjeza makolo kuti asamapute ana mpaka kuwatayitsa mtima. Ndodo ya mbusa ntchito yake yaikulu ndi kulondolera nkhosa ndi kuthamangitsa zilombo.

Tidzifunse moona: nthawi zambiri tikamamenya mwana, kodi tikumuphunzitsa, kapena tikutsitsa mkwiyo wathu wa ngongole, wa kubanki mkhonde, wa mawu a apongozi? Anamwino ena a m'dziko muno aonapo ana otenthedwa manja ndi makolo awo chifukwa chotapa ndiwo kapena kutenga ndalama yochepa. Zala zikhoza kulumikizana, ndipo mwana akhoza kulephera kugwira pensulo moyo wake wonse. Zimenezi ndi tchimo pamaso pa Mulungu, komanso ndi mlandu pansi pa malamulo a dziko, kuphatikizapo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010. Mwana womenyedwa mokwiya amaphunzira phunziro limodzi mwamsanga: ukakwiya, ndipo uli ndi mphamvu, menya. Mawa adzalichita kwa mng'ono wake, mkuja kwa mkazi wake.

Chilango chabwino chimanenedwa pasadakhale, chimagwirizana ndi cholakwacho, ndipo chimaperekedwa kholo litazizira mtima. Wachedwa kubwera kuchokera kosewera, mawa sapitako. Waswa ndowa chifukwa cha masewera, agwire ntchito yothandiza kugula ina. Ndipo chilango chikatha, chithe. Ngakhale Kaini, Mulungu anamuikira chizindikiro chomuteteza. Anamulanga koma sanamutaye.

Ana amawerenga ife

Paulo polembera Timoteo anakumbukira kuti chikhulupiriro chake chinayamba mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Zimene zili mwa ife zimatsikira kwa ana, zabwino ndi zoipa zomwe. Ngati timaimba bwino m'tchalitchi titavala yunifolomu yathu, koma pa mjigo timatukwanizana, mwana adzatsata za pa mjigo. Ngati pali mayi mnzathu m'nthambi amene sitinalankhulane naye chiyambire Pasaka, ana athu akudziwa, ndipo akuphunzira. Mayi amene anganene kuti, "Ndakwiya tsopano, ndiyamba ndakhala pansi, tikambirana ndikazizira," waphunzitsa kuposa buku lonse. Mayi amene angapepese kwa mwana wake atamukalipira popanda chifukwa satsika ulemu. Mwanayo amaona kuti kupepesa ndi ntchito ya anthu akuluakulu.

Bungwe lathu linabadwira nkhani yomweyi. Mary Sumner anayambitsa Mothers' Union mu 1876 ku Old Alresford, m'dziko la England, mwana wake wamkazi atangobereka mwana woyamba. Anakumbukira mmene udindo wa umayi unamulemerera iye mwini, ndipo anaitana amayi a m'parishi yake, olemera ndi osauka, kuti azithandizana kulera ana m'njira ya Mulungu. Ntchito imene ndikunenayi ndiyo maziko athu.

Zoti nthambi iliyonse ichite

Pa msonkhano umodzi mwezi uliwonse, patulani nthawi yokambirana chimodzi mwa zinthu zisanuzi, ndipo muziyeserera awiriawiri, wina akhale mwana, wina akhale kholo.

Kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu a sukulu yoyandikana ndi tchalitchi chanu, ndiponso ndi amayi a mother group, muwafunse ana amene akujomba kapena amene asintha khalidwe. Ayendereni mwachikondi ndi mwachinsinsi. Nkhani za ana a eni zisakhale ndiwo za miseche.

Gwirizanani ndi aphunzitsi a Sande Sukulu kuti pa nkhani iliyonse azifunsa ana mmene anthu a m'nkhaniyo ankamvera, ndi chimene akanatha kuchita mosiyana.

Itanani abambo. Mnyamata amafunika kuona mwamuna wamkulu amene amakwiya koma osamenya.

Dziwani malire athu. Mwana akasiya kudya, akasiya kugona kapena kusewera kwa masabata awiri kapena kuposerapo, akamadzicheka, kapena akanena kuti bola kufa, musatenge ngati nthabwala kapena mwano. Mufunseni molunjika ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizo amenewa, kumamutsegulira khomo loti alankhule. Musamusiye yekha, bisani mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zipatala za m'maboma zimathandiza pa matenda a maganizo, ndipo zikhoza kumutumiza ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pemphero ndi chipatala ziyendere limodzi.

Amayi anzanga, m'mera mpoyamba. Madzulo ano, mwana wanu kapena mdzukulu wanu akabwera, musanafunse za malikisi, yang'anani nkhope yake. Ngati yagwa, khalani naye pamphasa, mufunseni, ndipo dikirani yankho ngakhale lichedwe. Mulungu anafunsa Kaini magazi asanakhetsedwe. Ifenso tifunse nthawi ikadalipo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi m'nyumba mwathu mwana amaloledwa kunena kuti wakwiya kapena wakhumudwa? Timamuyankha chiyani?
2. Ndi mawu ati amene timauza ana aamuna amene amawatsekera pakamwa?
3. Mwana wa m'parishi yathu atachitidwa nkhanza lero, angathamangire kwa yani? Kodi iye akudziwa zimenezo?

Tipemphere

Atate wachifundo, Inu amene mumaona nkhope ya mwana aliyense, tipatseni maso oona ndi makutu omva. Tiphunzitseni kusunga khomo la mitima yathu, kuti tithe kuphunzitsa ana amene mwatipatsa. Dalitsani aphunzitsi athu amene amasenza makalasi odzaza. Tonthozani ana amasiye, ana amantha, ndi ana amene akusunga zinsinsi zowawa, ndipo muwatumizire munthu woti awafunse. Ana athu akule m'nzeru ndi mu msinkhu, okondedwa ndi Inu ndi anthu, monga anakulira Mwana wanu Yesu Khristu Ambuye wathu, amene ali ndi moyo ndi kulamulira pamodzi ndi Inu ndi Mzimu Woyera, Mulungu mmodzi, mpaka muyaya. Amen.